Ku Cape Maclear kuli chiyani kupatula kusambira?

Funso: Ndikufuna kupita ndi ana anga ku Cape Maclear patchuthi. Kodi kupatula kusambira, tikaonako chiyani? Mayi wa ku Kasungu.

Yankho: Mayi, kumeneko mukafikira m'mudzi wa Chembe m'boma la Mangochi, ndipo eni ake ndi asodzi. Mukalawire kunyanja mukaone mabwato akukocheza ndi usipa, amayi ali kalikiliki kuuyanika pathandala. Muzikayamba mwapempha musanajambule munthu.

Mudziwu wazunguliridwa ndi Lake Malawi National Park, yomwe inakhazikitsidwa mu 1980. Mu 1984 UNESCO inaiika m'gulu la malo ofunika padziko lonse, makamaka chifukwa cha mbuna, tinsomba tamawangamawanga tokhala m'miyala. Bwato likakufikitseni kuchilumba cha Thumbi, anawo akaone mbunazo m'madzi oyera mbee, ndi nkhwazi ikutsika kudzawakha nsomba. Koma mtengo mukagwirizaniretu musanakwere.

Kulinso manda a amishoni a Livingstonia, amene anafika mu 1875 kenako n'kusamukira ku Bandawe malungo atawasautsa.

Mwera umavuta pakati pa Juni ndi Ogasiti, bwato limagwedezeka kwambiri. Likodzo liliko ndithu, choncho mukabwerako mukayezetse nonse kuchipatala.