Nyumba ya Msonkhano Imene Idatsitsimuka ku Bromley-by-Bow

Pafupi-fupi parishi iriyonse iri ndi nyumba ya msonkhano pambali pa chalichi. Akristu adaumba njerwa zace, adatunga madzi, adasonkha ndalama za malata. Koma itatha kumangidwa, kawiri-kawiri imatsegulidwa tsiku Lamulungu lokha, mwina ndi pa ukwati, ndipo masiku ena onse eni ace ndi mileme. Kodi nyumba yotereyi ingawacitire ciani anthu oizungulira kuyambira Lolemba kufikira Loweruka? Yankho limodzi lidapezeka ku Bromley-by-Bow, kum'mawa kwa mzinda wa London.

Malowa ali m'boma la Tower Hamlets, dera limene ladziwika kwa zaka zambiri ndi umphawi. Mumakhala anthu a mitundu yosiyana-siyana, ndipo ambiri ndi ocokera ku Bangladesh pamodzi ndi ana ao. M'caka ca 1984 kudafika mbusa wacinyamata, Andrew Mawson, wa mpingo wa United Reformed Church. Sadali Mkatolika ai, koma nzeru saifunsa kumene idabatizidwira. Iye adapeza chalichi cokwanira anthu 200, m'mene mudali kupemphera nkhalamba 12 zokha, ndipo m'thumba la mpingo mudatsala mapaundi 400. Nyumba ya msonkhano ndi zipinda zace zidali zakutha ndi zozizira.

Njira yapafupi idali yakutseka zitseko ndi kugulitsa malo, monga yacitira mipingo yambiri m'mizinda ya ku Ulaya. Nkhalamba zija zidabvomera cina cobvuta koposa: kupereka mfungulo kwa anthu a m'deralo, ngakhale amene sadapondepo m'chalichi cibadwire. Munthu asaciyese copepuka cimeneci. Amene wakalambira pa mpando umodzi, nakwatirira pomwepo, nalirira akufa ace pomwepo, sakondwera kuona alendo akuusuntha mpandowo.

Apa pali mfundo yoti akatekisti aigwire bwino, ndiyo ndondomeko ya nchito. Anthuwa sadayambe ndi kukonza nyumba kuti pambuyo pace afune oigwiritsa nchito. Adayamba ndi kulowetsa anthu, ndipo nyumba idakonzedwa pang'ono-pang'ono potsata zimene anthuwo adali kucitamo. Mai wina adapempha malo osemerapo bwato, nampatsa. Wina adayamba kuphunzitsa ana kubvina. Mudatsegulidwa sukulu ya mkaka, kuti amai apeze kosiya ana. Kudabweranso Santiago Bell, mmisiri wosema mitengo wa ku Chile, amene adamangidwa asilikari atalanda boma la kwao m'caka ca 1973, nathawira ku Britain. Iye adaika zipangizo zace m'cipinda cina, ndipo adaphunzitsa ena luso lace. Potsiriza adazula mipando ya m'chalichi momwe. Pakati adasiyapo malo opemphererapo anthu ngati 40, ofunditsidwa ndi nsaru ngati cihema, ndipo mbali zonse adazipereka kwa ana ndi kwa amisiri.

Za umoyo zidalowa cifukwa ca maliro. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, mai wina wa ana amene adali kuthandiza pamalopo adadwala khansa. Maofesi oyenera kumsamala adalipo ambiri, koma iriyonse idayang'ana kagawo kace kokha, kotero kuti mai uja adagwera pakati pao. Amene adamsambitsa ndi kumlerera ana mpaka kufa kwace adali amai anzace a pa nyumba ya msonkhano ija. Imfa imeneyi idawakwiyitsa anthu, ndipo mkwiyo wao udabala cipatala. M'caka ca 1997 adatsegula nyumba ya zaumoyo pamalo pomwepo, yomangidwa ndi bungwe lao, madokotala nkukhala ocita lendi. Adaimanga ndi khonde loyang'ana m'munda wa maluwa, monga nyumba ya amonke, ndipo paki ya pafupi, Bob's Park, imene idasanduka dzala, adaikonzanso.

Mmodzi mwa madokotalawo ndi Sam Everington. Iye ndi anzace adazindikira cimene namwino aliyense wokhalitsa pa nchito amacidziwa: kuti ambiri obwera ku cipatala kudzadandaula mutu, msana kapena kusowa tulo, gwero la bvuto lao ndi ngongole, ulova, nyumba yacinyezi, kusadziwa cinenero ca dzikolo, kapena kukhala okha-okha opanda woceza naye. Mbulu wa mankhwala subweza ngongole. Tsono dokotala, atampima wodwala ndi kumpatsa mankhwala ngati afunika, amamtumiza kwa mlangizi amene ali ndi nthawi yokhala naye pansi ndi kumva zonse. Mlangiziyo amamperekeza kwa odziwa za ngongole, ku kalasi la Cingerezi, ku gulu lolima m'munda, kapena kwa amisiri oumba ndi ojambula. Zonsezi ziri m'bwalo limodzi. Wodwala sakwera basi, angotuluka pa khomo ili nkulowa pa linalo. Kufupika kumeneku ndiko cinsinsi cace, pakuti munthu wofooka mtima akamuuza kuti apite ku ofesi ya kutali mawa, sapita.

Maganizowa sadali acilendo kweni-kweni. Malamulo a bungwe la World Health Organization, amene adayamba kugwira nchito m'caka ca 1948, amaphunzitsa kuti umoyo suli kusadwala kokha, koma kukhala bwino m'thupi, m'maganizo ndi pakati pa anthu. Cacilendo cidali kuona cimeneci cikucitika m'nyumba ya mpingo wa nkhalamba 12. M'caka ca 2019, nthambi ya zaumoyo ya ku England, NHS, idaika m'cikonzero cace kuti alangizi otere apezeke m'zipatala za m'madera m'dziko lonselo.

Parishi yofuna kutengerapo phunziro iyenera kucenjera pawiri. Coyamba, nyumba ya msonkhano si cipatala, ndipo katekisti si dokotala. Ku Bromley-by-Bow munda ndi maluso sizidalowe m'malo mwa mankhwala; wa khansa adafunikabe cipatala, wa shuga adafunikabe kupimidwa. Kumene gulu la umoyo liyamba kuuza odwala kuti asiye mankhwala, pamenepo pali imfa.

Caciwiri ncobvuta kuciona, cifukwa cimabwera cobvala bwino. Nyumba ikakonzedwa, imakopa anthu a ndalama: a maukwati, a misonkhano ya mabungwe, a masewero olimbitsa thupi olipiritsa. Ndalama zao nzofunika, pakuti denga silidziphoma lokha ndipo magetsi salipiridwa ndi mapemphero. Koma bukhu la masiku likadzaza ndi maina a olipira, amai osoka, acinyamata ophunzira ukalipentala ndi nkhalamba zofuna poceza amauzidwa kuti abwere sabata la mawa, kufikira ataleka kubwera. Bungwe la parishi lingathe kutseka mpata umenewu nyumba isanapakidwe nkomwe utoto: lilembe masiku a pa sabata amene sadzagulitsidwa kwa munthu aliyense, lichule dzina la wosunga mfungulo, ndipo lisankhe wina wokhala pafupi amene adzatsegula iyeyo akacoka.