Ndikaloweza usiku, pokucha zathawa

Azakhali,

Ndine mayi wa zaka 36, wa ana atatu, ndipo ndimakhala ku Machinjiri cha ku Luwanda. Ndimakazinga mandasi n'kumagulitsa pamsewu. Ena aiona ngati nkhani yachibwana, koma ine ikundisowetsa tulo.

Kumpingo kwathu amayi timakumana Lachinayi lililonse. Chaka chino tinapangana kuti sabata iliyonse mmodzi aziimirira n'kunena mawu a m'Baibulo pamtima. Mwezi wathawu inali nthawi yanga. Ndinasankha Aroma 8, kuyambira vesi 31 mpaka kumapeto. Lachitatu usiku ndinawerenga pafoni mpaka batire kutha. Nditaima kutsogolo vesi loyamba linatuluka bwinobwino, lachiwiri ndinalisakaniza, kenako m'mutu munangoti zii. Ndinamva ena akuseka chakumbuyo. Titaweruka mayi wina anandiitanira pambali n'kundiuza kuti ndili ndi chiwanda chimene chimatola mawu mumtima mwanga ngati mbalame za m'fanizo la wofesa mbewu, ndiye ndipite kuphiri akandipempherere.

Chimene chimandiwawa kwambiri n'chakuti apongozi anga, amene timakhala nawo, analekezera Sitandade 3 ndipo maso anawo anafooka, koma amanena masalimo athunthu osaphonya. Ine ndinafika Fomu 4. Bambo a kunyumba amangoti mutu wanga unadzaza WhatsApp. Kodi ndine wochimwa, kapena mutu wangawu ndi wouma? Kwatsala masabata asanu kuti ndiimenso, ndipo ndikuganiza zongosiya kupita.

Wamanyazi,
Machinjiri

Mwana wanga,

Tiyambe ndi chiwandacho, poti ndicho mwasenza cholemera kuposa zonse. Chituleni. Tsegulani Mateyu 13 muwerenge vesi 19 modekha. Pomasulira fanizo lija, Yesu akunena za munthu amene wamva mawu koma osawamvetsa. Sakunena za mayi amene wadzuka 3 koloko kukoleza mbaula, waima pamsewu tsiku lonse, kenako usiku n'kumalimbana ndi mavesi asanu ndi anayi a Paulo maso akutsinzinika okha. Mayi anakuitanirani pambaliyo mwina anali ndi mtima wabwino, koma matenda anawaphonya. Kuphiri mukafuna kukapemphera pitani, palibe wokuletsani, koma musapiteko ngati munthu wogwidwa.

Mutu wanunso si wouma. Mitengo ya ufa, shuga, mafuta ndi makala muli nayo m'mutu, ndipo ndikhulupirira kuti amene anatenga mandasi pangongole sabata yatha mumawadziwa onse ndi ndalama zawo. Zimenezo simunaziloweze usiku umodzi. Mumakumana nazo tsiku ndi tsiku, n'chifukwa chake zinakhazikika.

Mjeremani wina, Hermann Ebbinghaus, anachita chidwi ndi kuiwala mpaka anadziyesa yekha. Ankaloweza timawu topanda tanthauzo, kenako n'kumaona zimene zatsala m'mutu pakatha mphindi zingapo, ola, tsiku, mpaka mwezi. Zimene anapeza anazisindikiza mu 1885. Kuiwala kumathamanga kwambiri kumayambiriro, m'maola oyamba omwewo, kenako kumayenda pang'onopang'ono. Chimene unachilowezapo n'kuchiiwala, ukachibwerera chimalowa msanga kuposa poyamba. Ndipo kubwereza kogawira masiku angapo kumapindulitsa kuposa kupanikiza zonse tsiku limodzi. Inu mumadziwa bwino zimenezi kuposa Mjeremaniyo. Kodi ufa wa mandasi mukaukanda mumauponya m'mafuta pompo? Mumauphimba kaye kuti ufufume. Mawu nawonso amafuna kugonera. Amene analowa m'mutu Lachitatu usiku anali asanafufume pofika Lachinayi masana.

Pali china chimene ndikuchikayikira. Pafoni paja mumawerenga Baibulo liti, nanga kutchalitchi amawerenga liti? M'Chichewa tili ndi angapo. Buku Lopatulika linatuluka mu 1922, ntchito imene anaitsogolera William Murray wa mishoni ya Dutch Reformed ku Mvera ndi ku Nkhoma, mogwirizana ndi amishoni ena ndiponso aphunzitsi a kuno kwathu. Akatolika anatulutsa Malembo Oyera mu 1966. Buku Loyera linabwera mu 1998, m'Chichewa chofewerapo. Palinso Mawu a Mulungu mu Chichewa Chalero, amene ambiri ali nawo pafoni. Uthenga ndi umodzi koma kayalidwe ka mawu n'kosiyana. Pamene Buku Lopatulika likuti Yehova, Buku Loyera likuti Chauta. Ngati khutu lanu linakula likumva la 1922 kuchokera paguwa ndiponso pakamwa pa apongozi, koma maso akuwerenga lina pafoni, lilime likaima pagulu limasowa kolowera. Paja mapanga awiri avumbwitsa, ndipo inu a ku Machinjiri, oyandikana ndi Mapanga, mwambiwu suyenera kukuphonyani. Powerenga kuti mumvetse, yerekezerani onse mmene mungathere. Poloweza gwirani limodzi, ndipo ine ndingasankhe limene amayi anzanu a Lachinayi amanyamula.

Tsopano nkhani imene ndikufuna tikhalepo pang'ono. Mwati munawerenga usiku wonse. Ndikuona kuti munawerenga chamumtima, pogona, kuopa kudzutsa bambo ndi ana. Anthu amene analemba Baibulo kawirikawiri sankachita choncho. Pa Yoswa 1:8 ndi pa Salimo 1:2 pali mawu amene ife timawamva ngati kusinkhasinkha kapena kulingalira. M'Chiheberi mawuwo ndi hagah, ndipo ali ndi phokoso mkati mwake. Yesaya anawagwiritsa ntchito pofotokoza mkango ukubangula chapansipansi pa nyama imene wagwira, pa 31:4, ndiponso kulira kwa nkhunda, pa 38:14. Ndiye kusinkhasinkha kwawo kunali kung'ung'udza, milomo ikugwedera, munthu akudzimva yekha. Akhristu akale a m'nyumba za amonke ku Ulaya ankayerekeza zimenezi ndi kubzikula. Munaionapo mbuzi itagona pamthunzi masana, nsagwada zikungoyenda pamene palibe msipu pafupi? Ikubweza zimene inadya m'mawa kuti izitafunenso. Ndi momwemo. Vesi limodzi, kulinena mokweza, kulibweza masana, kulitafunanso madzulo, kudzifunsa kuti mawu awa akundiuza chiyani ine, lero, ndi ngongole ya ufa ili pakhosiyi.

Apa m'pamene kuloweza ndi kusinkhasinkha zimakumana. Vesi limene mwalimvetsa ndipo lakukhudzani silithawa msanga. Limene mwangolimeza kuti mukaonetse anthu limatuluka mmene linalowera. Pepani ndinene mosabisa: Aroma 8 ija munaisankha chifukwa inakulankhulani, kapena chifukwa ndi yaitali ndipo ikanawatseka pakamwa ena? Sindikukuweruzani. Ine ndili mtsikana ndinachitapo zomwezo pa Khirisimasi ku Sande sukulu. Ndinapempha gawo lalitali kuposa la mnzanga, n'kukaima kakasi pamaso pa mpingo wonse, diresi yatsopano ili pathupi, mpaka aphunzitsi anachita kundinong'oneza mawu amodziamodzi. Mpaka lero ndimakumbukira fungo la laimu wa pakhoma, koma gawolo sindilikumbukira.

Chitani chonchi. Siyani kaye Aroma, mudzabwererako. Tengani kanthu kakafupi kokhala ndi mutu ndi mchira. Salimo 23 lili ndi mavesi 6. Salimo 121 lili ndi 8, ndipo limayamba ndi munthu woyang'ana kumapiri, zimene inu mumachita m'mawa uliwonse mukapenya phiri la Ndirande. Ngati nkhawa ndi imene ikukudyani, Afilipi 4:6-7 ndi mavesi awiri okha. Lembani vesi loyamba ndi dzanja lanu pakachidutswa ka katoni, zilembo zikuluzikulu, mukakolowetse pakhoma pafupi ndi pamene mumakazingira. Lichita madontho a mafuta, musadandaule. Mukaponya mandasi m'mafuta, werengani mokweza. Mukawatembenuza, nenani osayang'ana. Mukawavuula, yang'anani pamene mwaphonya. Kunena osayang'anako ndiye ntchito yeniyeniyo. Ambiri amangowerenga kambirimbiri n'kumaona ngati alidziwa chifukwa maso alizolowera, koma maso ndi pakamwa n'zosiyana. Pamene mutu wavutika kufunafuna mawu, m'pamene mawuwo akumera mizu.

Vesi latsopano liziwonjezedwa pakatha masiku awiri, ndipo musanaligwire muziyamba mwanena akale onse kuchokera pamwamba. Salimo likatha musalitaye. Linenenso mawa lake, kenako pakatha masiku atatu, pakatha sabata, pakatha mwezi. Anansi athu Achisilamu ndi akatswiri pa izi. Mwana woloweza Qur'an kumadrasa tsiku lililonse amakhala ndi phunziro latsopano, amabwereza za masiku apitawa, ndiponso amabwerera ku zakalekale, zonse mokweza, mphunzitsi akumvetsera. Ndi mmene ena amafikira poloweza masura onse 114. Palibe matsenga, ndi kubwereza basi. Nthawi muli nayo yambiri kuposa mmene mukuganizira: pamzere wa madzi, m'minibasi popita ku Limbe kukaoda ufa pamene kondakitala akudikira kuti idzaze, pochapa. Za WhatsApp bambo akunenazo sindilowererapo kwambiri, koma foni ili ndi vuto limodzi: uli pakati pa vesi, uthenga wa maliro kapena wa banki m'khonde walowa, ndipo wapita nawo. Kakatoni sikalira.

Za manambala musadzizunze nazo. Mitu imene tili nayoyi anaigawa ndi Stephen Langton, bishopu wamkulu wa ku Canterbury amene anamwalira mu 1228, ndipo mavesi a Chipangano Chatsopano anawaika ndi wosindikiza mabuku Robert Estienne mu 1551. Paulo sankadziwa kuti analemba Aroma 8:31. Wolemba kalata ya Ahebri, pa 2:6, anabwereza mawu a salimo osatchula n'komwe kuti awapeza pati. Nambala ndi adiresi chabe, yothandiza kuti mnzanu akapeze nyumbayo. Itchuleni poyamba ndi pomaliza nthawi iliyonse mukunena vesilo, idzamamatira yokha.

Koma mphunzitsi wanu weniweni si ine. Ali m'nyumba mwanu momwemo, ndipo inu mukumuyang'ana ngati wopikisana naye. Apongozi anuwo sanakuposeni nzeru. Anthu a msinkhu wawo ambiri anaphunzira mawu ndi khutu, m'kalasi ya ubatizo, mphunzitsi akunena iwo akubwereza pamodzi, ena kudzera m'nyimbo, ndipo akhala akuwanena zaka makumi angapo, pamaliro, podwazika matenda, pogoneka mwana. Inu mukuyerekeza usiku umodzi ndi moyo wathunthu. Tsiku lina madzulo, ntchito zitatha, apangireni tiyi, mukhale pansi pafupi nawo munene kuti, "Amayi, ndiphunzitseniko salimo lija mumalikondali." Iwo azinena, inu muzitsatira. Kenako inu muziwawerengera malo amene sanawalowezepo, poti maso awo sakuwalolanso. Ndikukuuzani, munthu wokalamba amene maso afooka chimene amachilakalaka kwambiri ndi kufunidwa. Mwina poyamba adzakukonzani mwaukali, apongozi ndi apongozi, koma pirirani. Anawo akhalepo. Ana amaloweza msanga mochititsa manyazi, ndipo wamng'onoyo akadzayamba kukugwirani pamene mwaphonya, mudzakhala mwapeza woyang'anira mayeso waulere.

Chimodzi ndisachisiye. Ngati kuiwalaku sikuli pa mavesi pokha, ngati mwayamba kuiwala poto pamoto, kusokoneza chenji kawirikawiri, kusowa tulo masabata ambiri, kapena mtima kungokhala wolemera popanda chifukwa, pitani kuchipatala mukafotokoze. Kuchepa kwa magazi, kutopa kopitirira ndi nkhawa zimafooketsa mphamvu yokumbukira zinthu, ndipo zimenezo zili ndi thandizo lake. Munthu wodzuka 3 koloko tsiku lililonse ayenera kugona msanga. Usiku wa Lachitatu umene munachezera uja unakulandani zambiri kuposa zimene unakupatsani.

Kumsonkhano musasiye. Mukasiya, mayi wa chiwanda uja adzati ananena. Masabata asanu ndi masiku 35, ndipo mavesi 6 pa vesi limodzi masiku awiri alionse atha m'masiku 12. Otsalawo ndi obwereza, kunena pamaso pa apongozi, pamaso pa ana, ngakhale pamaso pa bambo ngati alonjeza kusaseka. Kunena pagulu kuli ndi mantha akeake amene amatha pokhapokha mwazolowera maso a anthu. Tsikulo nyamulani Baibulo lanu m'manja, chala chili patsamba. Mukakakamira, tsegulani, yang'anani mawu amodzi, tsekani, pitirizani. Abusa amene mumawaona ngati akatswiri amachita zomwezo paguwa sabata iliyonse.

Ndipo mukaona kuti amayi ena akuopa nthawi yawo ngati mmene mukuopera inumu, kauzeni amayi apampando mwaulemu kuti mwina gulu lonse lizitenga salimo limodzi pamwezi n'kumalinena pamodzi, m'malo moimika munthu mmodzi ngati ali pabwalo la milandu. Ndikukayika ngati ndinu nokha amene mwaganizapo zojomba Lachinayi.

Mundilembere pakatha masabata asanuwo mundiuze salimo limene apongozi anakusankhirani. Koma mandasiwo musawapserezetu pofunafuna vesi lachinayi.

Azakhali