Imelo Yanu Ikabwezedwa, Yambani Mwawerenga Chifukwa Chake

Mwalemba kalata yofunsira ntchito, mwaikamo CV ndi masatifiketi, mwatumiza. Pasanathe mphindi, pafoni palowa uthenga wochokera kwa Mail Delivery Subsystem kapena Mailer-Daemon, wodzaza manambala ndi Chingerezi chozunguza mutu. Ambirife timangoufufuta n'kutumizanso kalata yomweyo, kawiri, katatu. Musatero. Uthengawo uli ngati chidindo cha kupositi pa envelopu yobwezedwa, chifukwa chokanira chimalembedwa momwemo. Kuuwerenga ndi ntchito ya mphindi zisanu, ndipo sikulira ndalama kupatula kabandulo kochepa.

Utseguleni, mutsike m'munsi mpaka mupeze nambala monga 421, 451 kapena 550. Ikayamba ndi 4, vutolo ndi la kanthawi. Seva ya amene mukumulembera yatanganidwa, kapena ikufuna kuona kaye ngati kalatayo ibweranso. Seva yanu izingoyesa yokha kwa masiku angapo, choncho dekhani. Koma ikayamba ndi 5, kalatayo yakanidwa kotheratu ndipo siipita mpaka chinachake chitakonzedwa.

Yofala kwambiri ndi 550 5.1.1, kutanthauza kuti adiresi imene mwalembayo kulibe. Iwerengeni chilembo chimodzichimodzi ngati mmene mumawerengera nambala ya yuniti musanailowetse. Onani ngati simunalembe gmail.con kapena gmial, ngati simunasokoneze 0 ndi o, kapena 1 ndi l. Maadiresi a mabungwe ambiri kuno amathera ndi .mw, koma chala chozolowera chimathamangira .com. Adiresi ikakhala yolondola, mwina mwiniwake anasiya ntchito ndipo anaitseka. Imbani foni mufunse ina.

Mukaona 5.2.2 kapena 4.2.2, bokosi la mnzanuyo ladzaza. Gmail imapereka malo aulere a 15GB, ndipo malowo amagawana ndi zithunzi komanso mafayilo a pa Google Drive. Apa inu mulibe chokonza, muuzeni achotseko zina.

Nthawi zina vuto ndi kulemera kwa zimene mwatumiza. Gmail imalola 25MB, maseva ena amalola zocheperapo, komanso fayilo imalemererako ikalowa mu imelo. Zithunzi zisanu ndi chimodzi za masatifiketi zojambula ndi foni zitha kudutsa malire mosavuta. Ziphatikizeni mu PDF imodzi, muichepetse, kenako mutumize. Mphindi khumi zikukwanirani.

Tsopano ndilankhule ndi inu amene muli ndi kabizinesi, sukulu kapena mpingo, ndipo imelo yanu ili ndi dzina lanulanu kumapeto m'malo mwa gmail.com. Kuyambira mu February 2024, Google ndi Yahoo anakhwimitsa malamulo: kalata iliyonse izibwera ndi umboni woti yachokeradi kwa mwini dzinalo. Ikapanda umboni, Gmail imaibweza ndi 550 5.7.26. Ine ndimaona kuti lamuloli ndi labwino ngakhale limatopetsa, chifukwa limatchinga akuba amene amatumiza ma invoisi abodza m'dzina la kampani za anthu ena.

Umboniwo uli patatu. SPF ndi mndandanda wa maseva amene mwawalola kutumiza makalata m'dzina lanu. DKIM ndi siginecha yobisika imene seva yanu imaika pa kalata iliyonse. DMARC imauza wolandira chochita ndi kalata imene yalephera ziwirizi. Wotumiza makalata ochepa amafunika SPF kapena DKIM, pomwe wotumiza 5,000 pa tsiku amafunika zonse, koma ine ndikukulangizani kuika zonse zitatu mulimonsemo.

Lowani muakaunti yanu kwa amene amakusungirani dzina la webusayiti, mupite pamene palembedwa DNS. Amene amakuyendetserani imelo amakupatsani mizere yoti muike; ikopereni ndendende, osailemba pamanja. Samalani apa, chifukwa ndi pamene ambiri amagwera: mzere wa SPF, umene umayamba ndi v=spf1, umakhala umodzi wokha. Mukapeza wakale, onjezerani momwemo, musapange wachiwiri, apo ayi yonse iwiri siigwira ntchito. Musaiwalenso pulogalamu imene imatumiza ma invoisi kapena fomu ya pawebusayiti, nazonso zimatumiza m'dzina lanu ndipo ziyenera kulowa mumndandandawo. Kuika mizereyi ndi kwaulere ndipo kumatenga theka la ola, koma kuti kusinthako kufike paliponse pangapite maola 48. Mukaitana katswiri, gwirizanani mtengo ntchito isanayambe.

Kuti mutsimikize, tumizani kalata ku adiresi ya Gmail, muitsegule pakompyuta, mudine timadontho titatu, musankhe Show original. Mukufuna kuona PASS pafupi ndi SPF, DKIM ndi DMARC.

Chowawa kwambiri ndi 5.7.1 yokhala ndi mawu akuti blocked, kapena dzina ngati Spamhaus. Apa seva yanu yalembedwa pamndandanda wa otumiza zinyalala. Musathamangire kupempha kuti akuchotseni musanapeze gwero lake, mungabwereremo mawa lomwe. Yang'anani mu Sent ngati muli makalata amene simunalembe. Mukawapeza, wina wakuberani pasiwedi: isintheni pompo, muyatse chitetezo chotumiza nambala kufoni, ndipo aliyense wa muofesi achite chimodzimodzi. Ganiziraninso ngati simunatumize uthenga umodzi kwa anthu mazanamazana nthawi imodzi. Akaunti wamba ya Gmail imalekezera pa 500 pa tsiku. Mwinanso mlandu si wanu, ndi wa wina amene mukugawana naye seva, ndiye wothetsa ndi kampani yokusungiraniyo. Webusayiti ya MXToolbox imakuonetsani kwaulere mindandanda imene mulimo. Spamhaus salipiritsa pochotsa, choncho wokuuzani kuti mulipire kuti akuchotseni kumeneko, mukaneni.

Popempha thandizo, tumizani uthenga wobwezedwawo wonse, osati kachithunzi kodula pakati, ndipo pasiwedi yanu musaipereke kwa aliyense. Ngati tsiku lomaliza lolandira makalata a ntchito ndi lero, musadikire kuti zonsezi zitheke. Tumizani kudzera muakaunti ina, kenako imbani foni mumve ngati yafika.