Phunziro la Mwezi Uno: Njira Yobwerera Kwawo Ili M'manja mwa Yani?

Tiwerenge Genesis 16:1-13

Amayi anzathu, Hagara anali Mwiigupto, mlendo m'nyumba ya Sarai, kutali ndi abale ake. Zinthu zitavuta, Abramu anangomusiya m'manja mwa Sarai kuti achite naye monga afunira. Hagara analibe kokadandaula, ndipo anathawira kuchipululu ali ndi pakati. Tayamba ndi iyeyu chifukwa ana athu ena akhala m'nyumba zotere ku Oman.

M'mwezi wa March 2024 a BBC anaulutsa nkhani ya amayi a ku Malawi amene anapita kukagwira ntchito za m'nyumba m'dzikolo. Ambiri anakopedwa ndi maejenti, ena kudzera pa Facebook, powalonjeza malipiro abwino. Mayi Pililani Mombe Nyoni, Mmalawi wokhala ku America, anatsegula gulu la pa WhatsApp, ndipo amayi oposa 50 analowamo nafotokoza za kumenyedwa, kugwiriridwa ndi kugwira ntchito mpaka usiku wopanda tsiku lopuma. Boma lathu linanena kuti linawononga madola oposa 160,000 kubweza amayi 54.

Tikamva zotere timathamangira kunena kuti mabwanawo ndi ouma mtima. Ena ndi oumadi. Koma tiyeni tione kumene mphamvu yawo ichokera. Maiko a kumeneko ali ndi dongosolo lotchedwa kafala: chilolezo chakuti mlendo akhale m'dziko chimamangidwa pa dzina la amene wamulemba ntchito. Bwanayo amakhala atalipira kale ndalama zambiri kwa ejenti, choncho amamuona wantchito ngati katundu amene wagula. Mtsikana akangofika, ambiri amamulanda pasipoti, ena ndi foni yomwe. Akati ndikufuna kubwerera kwathu, amamuuza kuti ayambe wabweza ndalama zonse zija. Azitenga kuti? Akatuluka pageti popanda chilolezo, bwana amakanena kuti wathawa, ndipo amene apolisi amamusaka ndi wozunzidwa uja. Chiarabu sachidziwa, msewu saudziwa, ndipo pamene amagona ndi pomwepo pamene amagwira ntchito. Ngakhale dona wabwino mtima, mphamvu zonsezi ali nazo ndithu. Wangosankha kusazigwiritsa ntchito lero.

Mu 2011 bungwe loona za ntchito pa dziko lonse la ILO linakhazikitsa pangano nambala 189 lokhudza antchito a m'nyumba. Mwa zina limafuna kuti wantchito azisunga yekha pasipoti yake, azipuma maola 24 otsatizana sabata iliyonse, ndipo wopita kunja alandire mgwirizano wolembedwa asanadutse malire. Mwana wathu akabwera ndi nkhani yakuti wapeza mwayi kunja, tisayambe ndi nthungululu. Timufunse kuti pepala la mgwirizano lili kuti, tikiti walipira ndani, nanga akafuna kusiya ntchito adzabwera bwanji.

Tsopano tibwere kwathu kuno, ngakhale mbali iyi siikoma kuimva. Ambiri a ife a m'tauni tili ndi mtsikana amene tinakamutenga kumudzi, ku Thyolo, ku Ntcheu kapena kutsidya ku Mozambique. Pasipoti alibe, koma pali china chimene timagwira. Timati, "Ndalama zako ndikusungira, ungawononge." Miyezi imatha, iye osaona ngakhale ya minibasi. Timati ndi mwana wa m'nyumba, koma ana a m'nyumba ali kusukulu pamene iye akukolopa, ndipo amadya mikute kukhitchini ena atakhuta. Lamulungu ife tavala bwino kupita ku Misa, iye watsala ndi matewera. Mbale ikasweka timadula pa malipiro amene sanawagwirepo n'komwe. Nanga bambo a m'nyumba kapena mnyamata wathu akamugwira pathupi, adzauza yani, poti womuuza ndi ife tomwe? Kawirikawiri amene amalongedza katundu usiku ndi mtsikanayo.

Pokambirana m'magulu athu, aliyense ayankhe za m'nyumba mwake, osati za kwa aneba. Mtsikana amene tikukhala naye atafuna kupita kwawo mawa m'mawa, kodi ali nayo m'manja mwake ndalama ya basi? Kodi analankhula liti komaliza ndi amayi ake ife palibe?