Pakhonde pa Azakhali: Gona mwanawe, nkhani sithawa

Azakhali,

Ndine mphunzitsi wa Sitandade 4 pasukulu ina yapulayimale kuno ku Lunzu. Ndili ndi zaka 29 ndi mwana mmodzi. Chaka chatha ndinayamba kulemba nkhani yachikondi pa Facebook, yotuluka m'zigawozigawo. Anthu anaikonda kwabasi, ndipo ine m'kukondwamo ndinalonjeza kuti chigawo chatsopano chizituluka tsiku lililonse. Masana ndimakhala m'kalasi, madzulo kuphika ndi kuchonga makope, ndiye kulembako ndimayamba 10 koloko usiku mpaka 2 koloko, pafoni, tiyi wopanda mkaka ali pambali. Ikamakwana 5 koloko ndadzuka kale kutereka madzi osamba.

Poyamba zinkayenda. Pano mutu sukuleka kuwawa, ana m'kalasi ndikumawakalipira popanda chifukwa, ndipo tsiku lina ndinagona m'minibasi mpaka kupitirira siteji yanga. Zigawo zikumatuluka zozizira, moti dzana ndinasokoneza mayina a amuna awiri a m'nkhanimo, owerenga n'kundiseka. Ndikaona uthenga woti "ina ibwere," mtima umachita nseru. Mtsikana mwini nkhaniyo ndafika pomuda, ndikuganiza zongomugunditsa galimoto kuti zithe. Ndinamva kuti alembi enieni amadzuka 4 koloko m'mawa osaphonya tsiku. Kodi ndi ulesi, kapena wina wandilodza? Ndisiye?

Ndine Wotopa, ku Lunzu.

Mwana wa achimwene anga,

Mtsikana wa m'nkhaniyo umusiye, sanakulakwire kanthu. Amene anatsegula pakamwa n'kulonjeza anthu chigawo tsiku lililonse ndiwe, ndiye lero galimoto igunde mwana wa eni? Ndi dalaivala yemwe umupezetsa mlandu asanadye n'komwe.

Za kulodzedwazo, mfiti yake tisaifune patali. Lunzu yense ali m'tulo, agalu atopa kuuwa, koma pali nyumba imodzi momwe munthu ali tcheru 2 koloko usiku, nkhope ikuwala ndi kamoto kam'manja, akuyankhula yekha. Aneba akanasuzumira pazenera bwenzi nkhani ili kale kwa amfumu, ndipo woyankha mlandu ukanakhala iweyo.

Tawerenga wekha, poti masamu umaphunzitsa. Kugona 2 koloko, kudzuka 5 koloko, ndi maola 3. Azaumoyo amati munthu wamkulu azigona maola osachepera 7. Maola 4 otsalawo ndi ngongole, ndipo thupi ndi wakatapila woipa mtima: limakukongoza likumwetulira, koma likabwera kudzatolera silisankha malo. Iwe linakupeza m'minibasi. Ukapitiriza lidzakupeza uli pabolodi, choko chili m'manja, ana a eni akuonerera.

Chakugwirachi n'chodziwika. Mu 2019 bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linachilemba m'buku lake la matenda lotchedwa ICD-11, ndipo linati si matenda paokha, koma kutheratu kwa munthu chifukwa chopanikizika ndi ntchito nthawi yaitali. Zizindikiro zake ndi zitatu: kutha mphamvu, kuyamba kuida ntchitoyo, ndi kulephera kuigwira bwino monga kale. Aphunzitsi, dzichongeni nokha. Mwakhoza zonse zitatu. Waulesi zimenezi sizimuchitikira, amakhala wonenepa bwinobwino.

Tsopano za alembi odzuka m'bandakuchawo. Aliko ndithu, koma amene anakuuza anakubisira mbali ina. Anthony Trollope wa ku England analemba mabuku 47 a nkhani zopeka, ndipo kwa zaka zambiri ankalemba akugwiranso ntchito kupositi ofesi. Ankakhala patebulo 5:30 m'mawa, wotchi ili patsogolo, mawu 250 pa mphindi 15 zilizonse. Maola atatu akakwana, basi, wanyamuka. Komatu bamboyo anali ndi wantchito wachikulire amene ankamupatsa mapaundi 5 apadera pachaka kuti azimudzutsa ndi khofi. Iwe khofi amakubweretsera ndani? Yunifolomu ya mwana amasita ndani?

Mnzako weniweni ndi Toni Morrison wa ku America, amene anapata mphoto ya Nobel mu 1993. Ankalera yekha ana aamuna awiri ali pantchito kukampani yosindikiza mabuku, ndipo ankalemba kusanache chifukwa ndiyo nthawi imene anawo anali asanayambe kuitana amayi. Buku lake loyamba, The Bluest Eye, linatuluka mu 1970 iye ali ndi zaka 39. Iwe wazaka 29 ukuthamangira kuti? Mu 4 koloko mulibe mankhwala. Aliyense mwa anthuwa anaona mmene khomo lake likuyendera, n'kupeza kampata komukwana. Ukatengera nthawi ya mwini pomwe khomo ndi lako, ugwa chagada.

Ndiye tamvera za azakhali ako.

Muyeso wa tsiku uutengere pa tsiku loipa. Vuto lako ndi loti unayesa mphamvu zako pa tsiku limene mutu unali kuwira nkhani, n'kuganiza kuti masiku onse adzakhala otero. Taganizira tsiku loti mwana watentha thupi, makope aunjikana, magetsi athima, ndiwo zapserera. Tsiku lotero ungalembe zingati? Tinene mawu 250, pafupifupi tsamba limodzi la kope. Umenewo ndiwo muyeso wako. Usaunyoze. Mawu 250 masiku 5 pamlungu kwa milungu 40 ndi mawu 50,000. Limenelo ndi buku lathunthu, ndipo milungu 12 yatsala yoti udwale, upite kumaliro, ukaone amayi kumudzi.

Muyesowo ukhalenso ndi denga. Graham Greene, mlembi winanso wa ku England, kwa zaka zambiri ankalemba mawu 500 patsiku, ndipo akakwana ankaleka ngakhale nkhani ili pakatikati. Ernest Hemingway naye ankalangiza zoleka pamene ukudziwa chimene chichitike kutsogolo. Nzeru yake ndi iyi: ukalemba mpaka m'mutu kuti mbee, mawa umafika patsamba loyera ulibe poyambira, ndipo mantha amayambira pomwepo. Koma ukasiya mnyamata atagogoda pachitseko, mtsikana ali m'kati wagwira loko, mawa dzanja limachita kuyabwa lokha. Tsiku lokoma ndiye loopsa, mwanawe. Ndi limene limakunyengerera kuti ugone 2 koloko.

Nthawi yake isakhale usiku. Ukaweruka, ana atabalalika, usathamangire kusiteji. Khala pampando wako womwewo m'kalasi mphindi 40, zenera lotsegula, kope ndi bolopeni. Foni ikhale m'chikwama, data yothimitsa. Kulembera pafoni n'kumene kwakupweteka, chifukwa umalemba mzere umodzi n'kukasuzumira kuti akonda ndi angati, kenako n'kuyankha wina amene wanena kuti mtsikanayo ndi wopusa, ola latha. Zolemba m'kopezo udzazitaipe Loweruka m'mawa, ndipo potaipapo ndi pamene uziona kuti mwamuna uyu ndi uti, uyo ndi uti, usanachititsidwenso manyazi. Ikakwana 9 koloko usiku, tiyi ayi, foni ikagone patebulo, iwe pabedi.

Tibwere kwa anthu ako a "ina ibwere." Mawa uwalembere mwaulemu kuti wolemba akupuma milungu iwiri, ndipo akabwerako nkhani izituluka kawiri pamlungu, Lachiwiri ndi Lachisanu. Usapepese kwambiri ngati wadya ndalama za chipereganyu. Mlungu woyamba usakhudze cholembera, ugone. Wachiwiri uyambe pang'onopang'ono, ndipo usatulutse kanthu mpaka utasunga zigawo zinayi, kuti tsiku la malungo lisadzakupeze chimanjamanja. Zigawozo zifupike, zigwirizane ndi muyeso wako. Charles Dickens, katswiri wa nkhani zotuluka m'zigawo, ankatulutsa pamwezi kapena pamlungu. Great Expectations inkatuluka kamodzi pamlungu kuyambira 1860 mpaka 1861, ndipo anthu ankadikira. Kudikirako n'kumene kumakometsa nkhani.

Ena adzanyanyala, inde. Asiye. Amenewo sanakugulirepo bandulo ngakhale ya tsiku limodzi, ndipo utagonekedwa m'chipatala lero, mawa adzakhala ali patsamba la munthu wina akukuwa mawu omwewo. Akuluakulu anati phukusi la moyo sakusungira ndi mnzako.

Masiku awiri opuma pamlungu usamadzimve mlandu. Nkhani zimachokera kwa anthu, ndipo iwe miyezi yonseyi anthu sunawaone, wangoona foni. N'chifukwa chake zigawo zazizira. Pita kumsika wa Lunzu tsiku la msika, ukaime pafupi ndi amayi a tomato, umve mmene amatsitsirana mtengo ndi mmene amanenera amuna awo. Khala kumbuyo m'minibasi uli maso ulendo uno, umve kondakitala akukangana ndi munthu pa nkhani ya chenji. Uwerengenso za anzako amene anayamba kale: Nthondo la Samuel Josiah Nthara, Njala Bwana la Willie Zingani, Ikakuona Litsiro Sikata la Jolly Max Ntaba. Uone mmene iwo ankamangira chiganizo cha Chichewa. Nthawi ya mayeso ndi yolemba malipoti kope lankhani litsekedwe osachita manyazi, ndipo holide ikafika uwonjezere pang'ono, osati kubwezera ngati munthu womasula kusala.

Upezenso anzako awiri kapena atatu okonda kulemba, muzikumana kamodzi pamwezi n'kuwerengerana. Ku Chancellor College gulu la Writers Group linayamba mu 1970, ophunzira ndi aphunzitsi n'kumakhala pamodzi kusulana zolemba, ndipo m'gulu limenelo munatuluka alakatuli ngati Jack Mapanje. Munthu mmodzi wokuuza kuti apa wanama, mkazi wa ku Lunzu sangayankhule chonchi, aposa chikwi cha okuwa kuti ina ibwere.

Ukafuna wotengera chitsanzo, yang'ana malemu D.D. Phiri. Bamboyo analemba mabuku a mbiri ndi nkhani zam'nyuzipepala mlungu ndi mlungu mpaka ukalamba, ndipo anatisiya mu 2019 ali ndi zaka 88. Funso loti uzidzifunsa ndi ili: kodi mmene ndikulemberamu ndingapitirize zaka 30? Ngati yankho ndi ayi, ndondomekoyo ndi yolakwika, ngakhale itatulutsa chigawo chokoma bwanji lero.

Chimodzi ndinene mosaseka. Mutuwo ukapitirira kuwawa utayamba kugona bwino, pita kuchipatala akakuyeze BP ndi maso. Ndipo ukaona kuti milungu iwiri yadutsa mtima uli wolemera, chakudya sichikulowa, palibe chokusangalatsa ngakhale mwana wako, kapena maganizo odzipweteka akubwera, usadzitsekere m'nyumba. Kauze adokotala ndi munthu wina amene umamukhulupirira.

Kusiya usasiye. Luso ulinalo, apo ayi anthu sakanakuvutitsa chonchi. Mtsikana ujanso umupatse mwamuna wabwino mwa awiriwo, wavutika mokwana m'manja mwako. Buku likadzatuluka langa ndi laulere, ndipo uwauze osindikizawo zilembo zikhale zikuluzikulu, poti magalasi a azakhali ako mdzukulu anawakhalira.

Ndatha ine,
Azakhali ako.