Mtengo wa ulendo: zomwe wamalonda ayenera kudziwa pa za mtengatenga

Tomato wa ku Lizulu, kachewere wa ku Tsangano, mpunga wa ku Karonga ndi usipa wa ku Nkhata Bay, zonsezi zimafika pa benchi m'tauni zitakwera kale mtengo wogula asanazione n'komwe. Chimene chimazikweza ndi ulendo. Amalonda ambiri amadziwa bwino mtengo wopikulira ndi mtengo wogulitsira, koma ndalama yomwe yathera panjira amangoyiyerekeza m'mutu. Mpamba wa anthu ambiri umathera pamenepo, pang'onopang'ono, mwini wake akuganiza kuti geni ikuyenda. Phunziro la sabata ino likufotokoza m'mene kayendedwe ka anthu ndi katundu kasinthira m'dziko muno, zomwe zikukweza mitengo yake, ndi momwe wamalonda angawerengere ulendo asanatchule mtengo kwa kasitomala.

Msewu ndiwo wasenza dziko

Ku Malawi pafupifupi aliyense woyenda ulendo amadzera pa msewu, ndipo katundu wambiri amayendanso pa msewu pomwepo. Msana wa malonda ndi msewu wa M1 womwe umachokera ku Nsanje, kudutsa Blantyre, Ntcheu, Dedza, Lilongwe, Kasungu ndi Mzuzu mpaka ku chipata cha Songwe ku Karonga. Misika yotchuka yopikulirako mbewu monga Lizulu, Chimbiya ndi Jenda inakula chifukwa ili m'mbali mwa msewuwu.

Kudalira njira imodzi kuli ndi vuto lake: ikaduka, msika umamva tsiku lomwelo. Namondwe wa Ana mu Januwale 2022 anadula msewu wa M1 ku Chikwawa, ndipo namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 anagumula milatho ndi misewu m'maboma ambiri a m'chigawo cha kummwera. Msewu ukaduka mitengo imagawika pawiri. Komwe katundu akuchokera amatsika mtengo chifukwa palibe womunyamula, pomwe kutauni amakwera chifukwa akusowa. Wamalonda amene ali ndi katundu wosachedwa kuola ndiye amaluza koyamba.

Magalimoto achuluka, koma achepa msinkhu

Akuluakulu amakumbukira mabasi a UTM, kenako a Stagecoach omwe anayenda m'dziko muno kuyambira 1989 mpaka 1997, ndi a Shire Bus Lines omwe anabwera pambuyo pake. Mabasi amenewo ankayenda pa nthawi yoikika, ankafika m'madera akumidzi, ndipo anali ndi malo aakulu oikamo matumba ndi madengu. Kuyambira m'zaka za m'ma 1990 maminibasi anachuluka n'kulanda ntchito yaikulu yonyamula anthu. Zaka zapitazi kwabwera magalimoto ang'onoang'ono monga Sienta, pamodzi ndi njinga zamoto za kabaza zomwe zafika mpaka kumidzi komwe kale kunkafika njinga zakapalasa zokha. Mabasi akuluakulu a makampani osiyanasiyana alipobe, koma ambiri amayenda pakati pa mizinda ikuluikulu basi.

Kwa munthu wongoyenda yekha kusinthaku n'kwabwino, chifukwa sadikira basi tsiku lonse. Kwa wamalonda nkhani ndi ina. Galimoto ikachepa, malo a katundu amachepanso, ndipo thumba limapikisana ndi munthu pa mpando. N'chifukwa chake kondakitala amatchula mtengo wa thumba wofanana ndi wa munthu, nthawi zina kuposa. Kabaza amafika pakhomo penipeni, koma akawerengera pa kilomita ndiye wodula kuposa onse, ndipo amanyamula zochepa. Ulendo womwe kale unali wa basi imodzi lero umaduka patatu: kabaza kuchoka kumunda kufika pa msewu, minibasi kapena lole kufika m'tauni, wilibala kapena wonyamula pamutu kufika mu msika. Paliponse pomwe katundu watsika n'kukweranso pamatuluka ndalama, ndipo pamaphwanyika kanthu.

Chimene chikukweza mtengo

Choyamba ndi mafuta. Petulo ndi dizilo yense amachokera kunja, amagulidwa ndi ndalama zakunja, ndipo amalowa kudzera m'madoko a Beira ndi Nacala ku Mozambique komanso Dar es Salaam ku Tanzania. Kwacha ikagwa, mafuta amakwera. Mu Meyi 2022 kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti. Mu Novembala 2023 inachepetsedwanso ndi 44 peresenti, dola imodzi n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Masiku ochepa otsatira bungwe la MERA linakweza petulo kuchoka pa K1,746 kufika pa K2,530 pa lita, ndipo dizilo anachoka pa K1,920 kufika pa K2,734. Matayala, mabatire ndi zipangizo zina za galimoto nazonso zimagulidwa kunja, choncho mwini galimoto amamenyedwa kawiri. Mafuta akasowa pa mafilingi siteshoni, monga zakhala zikuchitikira kawirikawiri kuyambira 2022, madalaivala amagula kwa ogulitsa m'zigubu pa mtengo wokwera kwambiri, ndipo ndalamayo amaibweza kwa okwera.

Chachiwiri ndi kutalika kwa madoko. Kuchoka ku Blantyre kufika ku Beira ndi makilomita pafupifupi 800, kuchoka ku Lilongwe kufika ku Dar es Salaam ndi oposa 1,400, ndipo ku Durban ndi oposa 2,000. Belo la kaunjika, feteleza, mchere, mafuta ophikira ndi ziwiya zapulasitiki zimayenda mitunda imeneyi zisanafike pa shopu yopikulitsa. Komanso dziko lino limagula kunja zambiri kuposa zomwe limagulitsa, choncho mathiraki ambiri amabwera odzaza n'kubwerera opanda kanthu. Mwini thiraki sangaluze mafuta a ulendo wobwererawo. Amawaika mu mtengo wa katundu amene wabweretsa.

Chachitatu ndi zolipira za panjira. Pa msewu wa M1 pali zipata zolipiritsa magalimoto pa Chingeni, chomwe chinayamba mu Novembala 2021, ndi pa Kalinyeke ku Dedza, chomwe chinayamba mu Januwale 2022. Galimoto yochoka ku Blantyre kupita ku Lilongwe imalipira pawiri ponsepo, ndipo yaikulu imalipira zambiri.

Chachinayi ndi nyengo. M'dzinja misewu yafumbi imaterera, magalimoto opita kumidzi amachepa, ndipo otsalawo amatchula mtengo womwe akufuna. Nthawi ya msika wa fodya, kuyambira cha mu Epulo, malole ambiri amatanganidwa ndi mabelo opita ku Kanengo, Limbe, Chinkhoma ndi Mzuzu. Mvula ikayandikira amatanganidwanso ndi feteleza.

Njanji ndi nyanja

Sitima yapamtunda imanyamula katundu wolemera pa mtengo wotsika kuposa lole, koma njanji ya dziko lino yakhala ndi mavuto ake. Njira yakale yopita ku Beira inaduka pomwe madzi osefukira anakokolola njanji pa Chiromo mu 1997, ndipo zaka zapitazi ndi pomwe boma layamba kukonzanso mbali ya pakati pa Marka ndi Bangula. Njira ya ku Nacala, yodzera pa Nkaya, Liwonde ndi Nayuchi, inatsegulidwa mu 1970. Kampani ya Central East African Railways inayamba kuyendetsa njanji za dziko lino mu 1999. Pambuyo pake kampani ya Vale inamanga njanji yatsopano yochokera ku Moatize kudzalumikiza pa Nkaya, makamaka kuti izinyamula malasha kupita kudoko.

Wamalonda wamng'ono sangabwereke bogi yonse, choncho phindu la njanji limamufikira mozungulira: feteleza, tirigu kapena mafuta zikabwera pa sitima, mtengo wake wonyamulira umatsika. Komabe sitima ya anthu yoyenda pakati pa Limbe, Balaka ndi Nayuchi imathandiza amalonda a m'madera amenewo kunyamula matumba motchipa. Siyenda tsiku lililonse ndipo siyithamanga, choncho ndi ya katundu wouma monga chimanga, nandolo ndi mpunga.

Pa nyanja, sitima ya Ilala yakhala ikuyenda kuyambira 1951, ndipo ndi yofunika kwambiri kwa anthu a ku Likoma ndi Chizumulu komanso midzi ya m'mbali mwa nyanja komwe msewu sufika. Amalonda a usipa ndi a zinthu za m'golosale m'madera amenewo amakonza geni yawo motsatira tsiku lomwe sitimayo ifike. Woiphonya amadikira sabata ina kapena kulipira boti lodula.

Kuwerengera ulendo

Mitengo imasintha sabata ndi sabata, choncho manambala otsatirawa ndi chitsanzo chabe. Aliyense aikepo a kwawo. Mayi wina wapikula madengu 10 a tomato pa K20,000 dengu limodzi, zonse K200,000. Ulendo wake wopita ndi wobwera wadya K20,000. Dengu lililonse walipirira K3,000 pa galimoto, zonse K30,000. Okweza ndi otsitsa atenga K500 pa dengu mbali zonse ziwiri, zonse K10,000. Wilibala yochoka pa siteji kupita mu msika yatenga K5,000, ndipo chakudya cha panjira ndi mayunitsi zadya K5,000. Ulendo wonse wadya K70,000, kutanthauza K7,000 pa dengu. Dengu la K20,000 lija tsopano ndi la K27,000.

Pofika, tomato wokwana dengu limodzi waphwanyika. Ndalama yonse ya K270,000 iyenera kutuluka m'madengu 9, ndiye kuti dengu lililonse ndi K30,000. Mayiyu akagulitsa pa K28,000 poganiza kuti akupeza K8,000 pa dengu, apeza K252,000 yokha. Waluza K18,000 pa ulendo umodzi, asanalipire tikiti ya msika. Maulendo khumi otere ndiye kuti mpamba watsala pang'ono kutha.

Mu chitsanzochi muli ndalama za mitundu iwiri. Zina zimakwera katundu akachuluka, monga yolipirira dengu, okweza ndi wilibala, zomwe zikukwana K4,500 pa dengu. Zina sizisintha kaya madengu ndi 5 kaya 20, monga ulendo wa mwini wake ndi chakudya, zomwe zikukwana K25,000. Pa madengu 10 ndalama yosasinthayi ndi K2,500 pa dengu, pa madengu 20 ndi K1,250, koma pa madengu 5 ndi K5,000. Woyenda ulendo wautali ndi katundu wochepa amagwirira ntchito mwini galimoto.

Zomwe amalonda ochenjera akuchita

Mutu umodzi susenza denga. Amalonda anayi kapena asanu ogulitsa zofanana akhoza kusonkha n'kutuma mmodzi, kapena kubwereka lole imodzi yaing'ono pamodzi. Aliyense alembe chizindikiro chake pa matumba, ndipo agwirizane asananyamuke kuti katundu akaonongeka agawana bwanji chiphinjocho. Magulu ambiri amapasuka chifukwa mfundo imeneyi sanaikambe.

Galimoto yobwerera yopanda kanthu ndiyo yotchipa. Lole yomwe yatsitsa fodya kapena chimanga m'tauni imabwerera kumudzi, ndipo dalaivala amalola mtengo wotsika kusiyana n'kupita chabe. Wonyamula sopo, shuga, mchere kapena malata kupita kumudzi afunse malole otere. Chofunika n'kutsimikiza kuti mwini galimoto akudziwa, kulemba nambala ya galimoto ndi ya foni ya dalaivala, komanso kumalizitsa malipiro katundu akafika.

Mtengo ugwirizanidwe katundu asanakwere. Thumba likakhala kale pa galimoto, mphamvu yonenerera imakhala kwa kondakitala.

Katundu aliyense ali ndi galimoto yake. Tomato, masamba ndi nsomba zaziwisi zimafuna liwiro ndi kuyenda kukadali kozizira, ngakhale mtengo ukwere pang'ono. Chimanga, nyemba ndi mpunga zikhoza kudikira lole yotchipa kapena sitima. Wogulitsa zouma apikule zambiri mvula isanayambe, misewu ikadali yabwino.

Ulendo wina ndi wosafunika. Amene ali ndi munthu wodalirika komwe amapikula akhoza kufunsa mitengo pa foni, kulipira kudzera pa Airtel Money kapena TNM Mpamba, n'kulandira katundu pa depoti. Ayambe ndi katundu wochepa mpaka chikhulupiriro chikhazikike, ndipo asunge uthenga uliwonse wa malipiro.

Odutsa malire afunse ku ofesi ya MRA pa chipata za ndondomeko ya COMESA yopeputsira amalonda ang'onoang'ono, yomwe imagwira ntchito pakati pa Malawi, Zambia ndi Zimbabwe pa katundu wina wosankhidwa. Pa Mchinji ndi Mwami, kuyambira mu Disembala 2022, maofesi a maiko awiriwa amagwirira ntchito malo amodzi, zomwe zimachepetsa nthawi yodikira. Njira zozemba zimaoneka zotchipa mpaka tsiku lomwe katundu yense walandidwa.

Pomaliza pali moyo wa wamalonda mwini. Kukhala pamwamba pa matumba mu lole yodzaza mopyola muyezo, kapena kukwera atatu pa njinga yamoto popanda chipewa chodzitetezera, kumapulumutsa ndalama yochepa, koma ngozi imodzi imatha mpamba, katundu ndi wodyetsa banja nthawi imodzi.

Mtengo wa mafuta, mphamvu ya kwacha ndi kukonza kwa misewu sizili m'manja mwa wamalonda wa pa benchi. Chomwe chili m'manja mwake ndi kabuku ndi cholembera. Wolemba ndalama iliyonse ya panjira kwa maulendo anayi otsatizana adzadziwa mtengo weniweni wa katundu wake, njira yomwe ikumudyera phindu, ndi tsiku lomwe kuli bwino kupikula pafupi kusiyana n'kupita kutali.