Azakhali akuyankha: Dzina la mkamwini silikupezeka pa foni

Azakhali,

Ndine namwino, ndimagwira ntchito pa chipatala china kuno ku Leicester. Ndili pa chibwenzi ndi mnyamata wa ku Philippines yemwe tili naye wodi imodzi, ndipo wayamba kukamba za banja. Chandisowetsa mtendere ndi dzina la makolo ake. Anzake kuntchito ndi a Santos, a Reyes, a Garcia, a dela Cruz, koma iye ndi Dimagiba. Ndalisaka pa intaneti, anthu a dzinali ndi ochepa zedi. Mnzanga wina akuti anthu a kumeneko amakhala ndi mayina a Chisipanishi, ndiye uyu mwina anadzipekera lake pothawa mlandu. Wina akuti dzina losowa chonchi ndi la kubanja lachifumu, ndimugwiritsitse. Amalume kumudzi akufunsa kuti mfunda wake ndani. Ndiwayankhe chiyani?

Mwana wanu wosowa tulo,
Leicester

Mwanawe,

Ndiye mwamunayo muli naye wodi imodzi, mumatembenuzira limodzi odwala, tiyi mumamwera pa tebulo limodzi, koma funso ukukafunsa foni? Ana a masiku ano inu! Munthu ali pambali pako ndi pakamwa pake, iwe uli kalikiliki kumufufuza ndi chala. Ndi anzako awiriwo ndakondwera nawo kwambiri: mmodzi wam'manga kale unyolo, winayo wam'veka chisoti chachifumu, ndipo ndikukhulupirira kuti onse sanamufunsepo ngakhale dzina la mudzi wake. Khala pansi ndikuuze, poti onse awiri aphonya.

Tiyambe ndi uja wa mlandu. Aspanya analamulira zilumba za Philippines kuyambira 1565 mpaka 1898, koma kwa zaka zambiri anthu wamba analibe dzina lopatsirana kuchoka kwa bambo kupita kwa mwana. Munthu akabatizidwa ankangotola dzina lachipembedzo lomwe lamusangalatsa: de la Cruz, de los Santos, del Rosario, Bautista. Ana a mimba imodzi ankatha kukhala ndi mayina osiyanasiyana, pomwe anthu osadziwana n'komwe ankagawana dzina limodzi. Tangoganiza wokhometsa msonkho atafika m'tauni n'kuitana Juan de la Cruz, amuna khumi n'kutukula mitu, onse n'kunena kuti ndinalipira kale. Ansembe nawo ankavutika kudziwa ngati akumangitsa ukwati wa pachibale.

Bwanamkubwa Narciso Clavería y Zaldúa anatopa nazo. Pa 21 Novembala 1849 analamula kuti banja lililonse likhale ndi dzina limodzi lokhazikika, ndipo boma linasindikiza buku lotchedwa Catálogo alfabético de apellidos, lokhala ndi mayina opitirira 60,000 ondandalikidwa motsatira zilembo. Masamba ake anagawidwa m'zigawo, akuluakulu a zigawo n'kuwagawira matauni, ndipo wansembe wa parishi pamodzi ndi akuluakulu a tauni ankaitana mitu ya mabanja kuti itenge dzina. Aphunzitsi analamulidwa kulemba ana ndi mayina atsopanowo.

Apa ndi pomwe nkhaniyi imandikomera. M'madera ena ogawa aja sanadzivute n'kusakaniza. Tauni iyi anaitumizira masamba a chilembo ichi, yotsatira masamba a chilembo chinacho. Mpaka lero ukapita ku Oas, m'chigawo cha Albay, mayina ambiri a mabanja akale amayamba ndi R. Pa kachilumba ka Banton, ku Romblon, mayina ambiri amayamba ndi F: Fabella, Faigao, Festin. Anthu a kumeneko akamva dzina lotere amatha kulozera kumene agogo a munthuyo anachokera asanamufunse n'komwe. Choncho a Garcia ndi a Reyes a kuntchito kwanuwo, ambiri a iwo alibe ndi kadontho komwe ka magazi a ku Spain. Agogo awo anangopatsidwa tsamba, n'kusankha kapena kusankhiridwa.

Usaganizenso kuti bukulo linali la mayina aulemu okhaokha. Olemba ake anatolamo mawu a Chisipanishi, komanso a zinenero za m'zilumbamo, mayina a mitengo, nyama, nsomba, miyala, chilichonse chodzazira tsamba. Munalowa Baboy, kutanthauza nkhumba. Munalowa Ongoy, pusi. Munalowa Tanga, chitsiru, ndi Otot, lomwe ndi mphepo ija timaitulutsa mobisa pa gulu n'kuyang'ana mwana. Ndiye iwe ukudandaula ndi Dimagiba? Ukanakhala ukundilembera kalata yofunsa ngati ungasaine Mayi Otot pa mafomu a odwala.

Dimagiba ndi Chitagalogi chenicheni, chinenero cha ku Manila ndi zigawo zoyandikana nayo. Kachiyambi kakuti "di" ndi kokana, ndipo dzina lonselo likunena chinthu chosagumulika. Lili ndi abale ake ambiri: Dimaano, Dimayuga, Dimaculangan, Dimalanta, Dimatulac, ndipo chigawo cha Batangas, kummwera kwa Manila, chimadziwika ndi mayina oyamba chonchi. Anali mayina odzitamandira, onena kuti uyu sakankhika, uyu safota, uyu saperewera. José Rizal, ngwazi ya dzikolo yomwe Aspanya anaiwombera mu 1896, polemba nthawi zina ankadzitcha Dimasalang. Mnzako uja ukamuuzenso kuti dzikolo lakhala ndi atsogoleri a mayina osakhala a Chisipanishi: Ramon Magsaysay, yemwe analamulira kuyambira 1953 mpaka 1957, Diosdado Macapagal, ndi mwana wake Gloria Macapagal Arroyo. Kodi onsewa ankathawa mlandu? Mtsogoleri winanso, Corazon Aquino, kwawo anali wa kwa Cojuangco, dzina lochokera kwa kholo la ku China lomwe mayina ake analumikizidwa kukhala limodzi. Ngakhale Rizal yemweyo, banja lake linali la Mercado, kholo lawo la ku China linali Domingo Lam-co, ndipo la Rizal analitenga pambuyo pa lamulo la Clavería. Anthu ambiri a Chisilamu kummwera, ku Mindanao ndi Sulu, komanso a m'mapiri a Cordillera kumpoto, lamulolo silinawafike bwinobwino chifukwa dzanja la Aspanya linali lalifupi kumeneko.

Tsopano uja wa chisoti. Ndikumumvetsa, akufuna kudzavala chitenje cha ukwati wa mwana wa mfumu. Koma kusowa kwa dzina si umboni wa ufumu. Lamulo lija linatchula mayina a mafumu akale omwe munthu wamba sankaloledwa kungotola, monga Lacandola, Mojica, Tupas ndi Raja Matanda. Linalolanso mabanja omwe anali atasunga dzina limodzi kwa mibadwo inayi kuti apitirize nalo. Ndiye dzina ngati la mnyamata wakoyo likhoza kukhala kuti linachoka kwa kholo lakalekale n'kupulumuka lamulolo, kapena linatengedwa m'buku muja monga ena onse. Chomwe chimalekanitsa ziwirizi ndi mabuku a ubatizo a parishi ya kwawo. Dzinalo likapezeka m'masamba a 1849 isanafike, ndiye kuti ndi lakale. Likangotulukira cha m'ma 1850, mwina pambali pa dzina lina lomwe banjalo linali nalo, ndiye kuti ndi la m'buku. Zonse ziwiri sizikuwonjezera kapena kuchepetsa malipiro ake a pamwezi, mwanawe.

Za kuchepa kwa anthu a dzinalo, masamu ake ndi osavuta. Kalembera wa 2020 anapeza anthu opitirira 109 miliyoni m'dzikomo. Mayina ngati dela Cruz, Garcia, Reyes, Ramos, Mendoza ndi Santos anatengedwa ndi mabanja ambirimbiri osadziwana, m'zigawo zosiyana, ndiye anachulukana mpaka dela Cruz n'kukhala dzina lotchulira munthu wamba aliyense. Akati Juan dela Cruz amatanthauza nzika iliyonse ya dzikolo. Koma dzina lomwe linagwera banja limodzi kapena awiri m'tauni imodzi limayenda pang'onopang'ono. Kukabadwa ana aakazi okhaokha mbadwo umodzi, nthambi yatha. Kukabadwa amuna asanu, nthambi yaphuka. Kuchokera mu 1849 padutsa mibadwo isanu ndi umodzi kapena isanu ndi iwiri chabe, si nthawi yokwanira kuti banja limodzi lidzaze dziko.

Ndipo manambala ukuwaona pa foniwo uziwatenga ngati mtengo woyamba wa wogulitsa kaunjika: ali penapake pafupi, koma sungalumbirire. Dzina limodzi limalembedwa njira ziwiri kapena zitatu, chifukwa Aspanya ankalemba "c" pomwe Chitagalogi cha lero chimalemba "k". Catacutan ndi Katakutan ndi amodzi, Batungbacal ndi Batongbakal chimodzimodzi, koma makina amawawerenga padera. Kalaliki wina akaphonya chilembo pa chitupa cha kubadwa, banja latsopano labadwa pomwepo. Onjezera apo kuti anthu a kumeneko ali balalabalala padziko lonse: oposa 4 miliyoni ku America, enanso ku Saudi Arabia, United Arab Emirates, Canada, ndi m'zipatala za ku Britain momwe ulimo iwemo. Dzina losowa likhoza kuoneka ngati la ku California pomwe gwero lake ndi tauni imodzi ya pa chilumba cha Luzon ku Philippines yokhala ndi tchalitchi chimodzi ndi msika umodzi.

Ine ndikuona kuti dzina losowali ndi mwayi wako. Ukanakhala ndi Juan dela Cruz, ukanamufufuza kuti? Koma dzina la anthu ochepa ndi keyala. A dzinalo ambiri amadziwana kapena amalumikizana penapake, ndipo munthu wotere savuta kumupeza abale. Wothawa mlandu wanzeru amabisala m'dzina la chikhamu, sasankha lomwe aliyense akalimva amatembenuka.

Amalume ako uwauze mosazungulira kuti kumeneko kulibe mfunda monga tiudziwira ife. Sangamuitane ndi chiwongo pomupatsa moni, ndipo dzina lofanana silitanthauza kuti anthu ndi a mtundu umodzi. Chomwe afunse ndi ichi: chigawo chake n'chiti, tauni yake ndi iti, barangay yake ndi iti (ndiwo mudzi kapena dera laling'ono m'kayendetsedwe ka boma lawo), ndipo mayi ake ndi a kwa yani. Funso lomalizali yankho lake lili kale pa pasipoti yake, chifukwa kwawoko dzina lapakati la munthu ndi dzina la makolo a mayi ake. Izi amalume ako zikawakomera. Ngati uli wa kwa Phiri, ana anu akalembedwa mwa chikhalidwe chawo adzakhala akutiakuti Phiri Dimagiba, ndipo kuchikazi sikudzafufutika. Uwauzenso kuti asade nkhawa ndi za ulemu. Anthu amenewa ali ndi mwambo wotchedwa pamamanhikan, pomwe mnyamata amabwera ndi makolo ake kunyumba kwa mtsikana, atanyamula chakudya, kudzapempha ukwati. Ankhoswe athu sakasowa poyambira. Akangokumana, ngakhale pa vidiyo, ukaona kuti mbali zonse ziwiri zikudziwa kukhala pansi n'kumazungulira nkhani kwa ola lathunthu asanaitchule.

Koma poti wandidzutsa, ndikupatse ntchito yeniyeni yoti usowere tulo. Safunsa anadya phula. Ku Philippines kulibe lamulo lothetsa ukwati monga tilili nalo ife, kupatula kwa Asilamu omwe ali ndi lamulo lawolawo. Ena onse amayenera kupita kukhoti kukapempha kuti ukwatiwo uonedwe ngati sunali wovomerezeka, ndipo njira imeneyi ndi yaitali komanso yodya ndalama. Chifukwa cha ichi alipo ambiri omwe anasiyana ndi akazi awo kalekale, aliyense ali ndi moyo wake, koma pa pepala akadali pabanja. Munthu wotere akhoza kukuuza ndi mtima woyera kuti ndili ndekha, ndipo m'nyumba mwake alidi yekha, koma boma la kwawo likudziwa zina.

Ndiye pali chikalata chomwe bungwe la Philippine Statistics Authority limapereka, amachitcha CENOMAR, chotsimikiza kuti m'kaundula mulibe ukwati wolembedwa pa dzina la munthuyo. Kwawoko aliyense wofuna kukwatira amachidziwa, amachiitanitsa ngakhale ali kunja, ndipo si chipongwe kuchifunsa. Umuuze ukuseka, mukudya, kuti azakhali anga ndi ovuta, akuti popanda pepala limenelo sapita kukagula nsalu. Undinamizire ine, ndazolowera. Akaseka n'kutulutsa foni kuti aitanitse, yamba kuphunzira kuphika adobo, chakudya cha kwawo, ndipo iye umuphunzitse kugwira mthiko, chifukwa sindidzadya mpunga masiku onse ndikadzabwera. Akayamba kutsokomola n'kukuuza mbiri yaitali ya mtsikana wina wa ku Batangas yemwe "anangokhala mnzake", undilemberenso msanga, ndipo ulendo uno uike nambala ya amalume ako.

Azakhali